Mlandu wa Arius: Zaka za Pakati pa Nicaea ndi Constantinople

Pamene tidali kuseminale, mbiri ya Arius tidailoweza m'mizere itatu yokonzekera mayeso: wansembe wina wa ku Alexandria adakana umulungu wa Yezu Khristu, aepiskopi 318 adasonkhana ku Nicaea m'chaka cha 325 namtsutsa, Eklezia adapuma. Mzere woyamba uli ndi choona, koma chosakwanira. Wachiwiri uli ndi chiwerengero chokayikitsa. Wachitatu ndiye wabodza ndithu. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo uwu udakhala pabwalo zaka 56 msonkhano wa ku Nicaea utabalalika kale. Mkati mwa zaka zimenezo idafika nthawi yoti aepiskopi ochuluka, a kuvuma ndi a kuzambwe omwe, adasaina kalata yotaya liu lomwe lija adalisankha anzao mu 325. M'chaka cha 2025 zidakwana zaka 1700 chichitikire msonkhanowo, ndipo nkoyenera kuti mlanduwu tiufotokoze monga momwe udayendera, osati monga momwe tikadafunira kuti uyende.

Arius adali mbadwa ya ku Libya. Cha m'ma 318 adali atakalamba kale, akuyang'anira tchalitchi cha Baucalis mumzinda wa Alexandria. Epiphanius, amene adali mdani wa chiphunzitso chake, akumfotokoza ngati munthu wamtali, wa nkhope yakugwa, wovala mosadzionetsa, wolankhula mokoma ndi mofatsa. Maganizo ake adawaika m'ndakatulo yotchedwa Thalia, ndipo wolemba mbiri Philostorgius akuti adapekanso nyimbo za amalinyero, za opera tirigu ndi za apaulendo. Aliyense wa ife amene adayesapo kuchotsa m'kamwa mwa kwaya nyimbo ya mau olakwika adziwa kuti Arius adasankha chida chabwino.

Kodi adaphunzitsa chiyani? Adayambira pamene Mkhristu aliyense ayenera kuyambira: Mulungu ndi mmodzi. Iye yekha ndiye wosabadwa, wopanda chiyambi, wosasinthika, wosagawika. Tsono ngati Mwana adabadwa, adatero Arius, ndiye kuti ali ndi chiyambi. Ndipo ngati ali ndi chiyambi, asanabadwe kudalibe. Atate adamtulutsa mwa kufuna kwao nthawi isanayambe, osati pobenthula chigawo cha umulungu wao, koma kuchokera kopanda kanthu. Apa tichenjere. Arius sadanene kuti Yezu ndi munthu chabe, kapena mneneri ngati Eliya. Adati Mwana ndi cholengedwa changwiro, chosafanana ndi zolengedwa zina zonse, ndipo kuti angelo, anthu, kumwamba ndi dziko lapansi zidalengedwa kudzera mwa iye. Adalola kuti Mwanayo atchedwe Mulungu, koma monga dzina laulemu lochita kupatsidwa. Adamkweza pamwamba pa zonse, nangomsiya tsidya lino la mtsinje umene ulekanitsa Mlengi ndi zolengedwa.

Malembo sadamsowe. Pa Miyambo 8:22, m'Baibulo la Chigriki limene onse ankawerenga, Nzeru ikunena kuti Ambuye adailenga, ndipo aphunzitsi a mbali zonse ziwiri ankavomereza kuti Nzeruyo ndi Khristu. Pa Yohane 14:28 Yezu akuwaika Atate pamwamba pa iye mwini. Pa Marko 13:32 akuti tsiku lomaliza ngakhale Mwana salidziwa. Kuonjezera apo, Arius ankaopa chiphunzitso cha Sabellius, amene zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo adaphunzitsa ku Roma kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi maina atatu a mmodzi yemweyo, ngati munthu wongosintha zovala. Otsatira Arius adatsitsira nkhaniyi mpaka pamsika. Athanasius akudandaula kuti ankaimitsa amai nkuwafunsa ngati adali naye mwana asanabale. Yankho la funso limenelo palibe wosalidziwa.

Ndiyenera kuvomera kuti chiphunzitsochi sichindivuta kuchimva, ndipo ndiganiza kuti Akhristu athu ambiri sichingawavute. Kwathu kuno mfumu yaikulu siiyenda yokha kukaweruza kamlandu ka m'mudzi. Imatuma nduna, ndipo mau a ndunayo amalandiridwa ngati a mfumu. Banja silimangidwa popanda ankhoswe. Munthu woleredwa m'mwambo wotere akamva kuti Mulungu ndi wamkulu koposa zonse, amaona kuti nkwaulemu kunena kuti Mulunguyo adatuma wina. Agriki ophunzira filosofiya ya Plato adafika pomwepo podzera njira yao: Mulungu wosasinthika sangakhudze dothi, njala ndi imfa, motero pafunika wina wapakati. Ndikawerenganso maulaliki anga a zaka zoyamba za unsembe, ndimapezamo Yezu amene ndi nduna yaikulu ya Mulungu, nkhoswe yathu yokhulupirika, ndipo m'maulaliki ena mulibe chiganizo nchimodzi chomwe chimene Arius akadakana. Iye sadafune kunyoza Khristu ai. Adafuna kutchinjiriza ulemu wa Atate.

Episkopi wake, Alexander, adayankha kuti Atate sadakhalepo opanda Mwana, monga dzuwa silidakhalepo lopanda kuwala kwake. Adaitanitsa aepiskopi pafupifupi 100 a ku Egypt ndi Libya, ndipo iwo adamchotsa Arius mumpingo. Koma Arius adali ndi abwenzi a mphamvu kutsidya kwa nyanja, makamaka Eusebius wa ku Nicomedia, mzinda umene mfumu ya kuvuma inkakhalamo, ndi Eusebius wina wa ku Caesarea, wolemba mbiri ya Eklezia uja. Makalata adayamba kuoloka nyanja, ndipo mkangano wa parishi imodzi udasanduka wa maiko onse a kuvuma.

Mu 324 Constantine adagonjetsa Licinius natenga ufumu wonse wa Roma. Padali patangopita zaka 11 Akhristu atapatsidwa ufulu wopembedza, ndipo mfumu inkayembekeza kuti Eklezia ndiye adzagwirizanitsa anthu ake. Idatuma Hosius, episkopi wa ku Cordoba, ndi kalata yodzudzula Alexander ndi Arius yemwe, yonena kuti akukangana pa kanthu kachabechabe. Kalatayo itakanika, idaitanira aepiskopi ku Nicaea, kumene lero ndi Iznik m'dziko la Turkey, niwalipirira ulendo. Eusebius wa ku Caesarea, amene adalipo, akuti adapitirira 250. Chiwerengero cha 318 chidamveka pambuyo pake, ndipo chikufanana mokayikitsa ndi cha anyamata a Abrahamu pa Genesis 14:14. A kuzambwe adali owerengeka: Papa Sylvester adatuma ansembe awiri, ndipo Caecilian adachokera ku Carthage. Ena mwa aepiskopiwo adali ndi zipsera za mazunzo amene adayamba mu 303, ndipo tsopano ankalowa m'nyumba ya mfumu pakati pa asilikali amene ankawalondera m'malo mowamanga.

Athanasius, amene adapita kumeneko ali dikoni wa Alexander, adafotokoza patapita zaka zambiri momwe liu lotchuka lija lidalowera. Poyamba aepiskopi adafuna kugwiritsa ntchito mau a m'Malembo okha. Akati Mwana ndi wochokera kwa Mulungu, a mbali ya Arius ankatsinzinirana diso nkuvomera, pakuti zinthu zonse nzochokera kwa Mulungu. Akati ndi chifaniziro cha Mulungu, ankavomeranso, pakuti nayenso munthu ndi chifaniziro. Akati ndi mphamvu ya Mulungu, ankakumbutsana kuti m'buku la mneneri Yoweli ngakhale dzombe likutchedwa mphamvu ya Mulungu. Liu lililonse la m'Baibulo lidali ndi pothawira. Nchifukwa chake msonkhano udatola liu lakunja kwa Baibulo, homoousios. M'Chigriki ousia ndi chimene chinthu chili mwa icho chokha, chimene chikachoka chinthucho sichikhalanso chomwecho. Kunena kuti Mwana ndi homoousios ndi Atate kudali kunena kuti chimene Atate ali, Mwana alinso chomwecho, ndipo kuti ali tsidya lija la mtsinje pamodzi ndi Atate.

Liuli lidawawa ambiri m'makutu, ngakhale amene sadali kumkonda Arius. Kusapezeka kwake m'Malembo kudali vuto loyamba. Padalinso mbiri yoti msonkhano wa ku Antioch wa mu 268, umene udatsutsa Paul wa ku Samosata, udalikana. Ena ankamva m'liulo mbiya ziwiri zoumbidwa ndi dothi la pachulu chimodzi, ngati kuti umulungu ndi chinthu chogawika. Ena ankamvamo Sabellius atadzukanso. Eusebius wa ku Caesarea adasaina, koma adalembera Akhristu ake kalata yaitali yodzitchinjiriza, mmene akunena kuti mfumu yomwe ndiyo idalimbikitsa liulo ndi kulimasulira. Okana kusaina adali awiri okha, Secundus wa ku Ptolemais ndi Theonas wa ku Marmarica, onse a ku Libya, ndipo adapirikitsidwa pamodzi ndi Arius.

Mphepo siidachedwe kutembenuka. Pofika 328 Eusebius wa ku Nicomedia, amene nayenso adapirikitsidwa msonkhano utangotha, adali atabwerera pampando wake. Chaka chomwecho Alexander adamwalira, ndipo Athanasius adalowa m'malo mwake. Mu 335 msonkhano wa ku Tyre udamchotsa Athanasius pa milandu ya nkhanza, ndipo adani ake atauza mfumu kuti adaopseza kutsekereza zombo za tirigu zopita ku Constantinople, Constantine adampirikitsira ku Trier. Arius adafa mwadzidzidzi ku Constantinople mu 336, atatsala pang'ono kulandiridwanso mumpingo. Athanasius adaona chala cha Mulungu pa imfayo. Wolemba mbiri angonena kuti nkhalamba idadwala m'mimba nifa. Mu 337 Constantine adabatizidwa ali pafupi kufa, ndipo wombatiza adali Eusebius wa ku Nicomedia.

Za Athanasius tiyenera kulankhula mosabisa. Pa zaka 45 za uepiskopi wake adapirikitsidwa kasanu, nakhala kunja kwa mpando wake zaka pafupifupi 17. Sadali munthu wofatsa. Kalata ina ya pa gumbwa yopezeka ku Egypt, imene H. I. Bell adaisindikiza mu 1924, ikusimba za anthu a mbali yake akumenya ndi kutsekera Akhristu a mpatuko wa Melitius. Milandu ya ku Tyre siidali yopeka yonse. Ndiyenso adamata dzina la "otsatira Arius" pa aliyense wotsutsana naye, ngakhale aepiskopi amene adasonkhana ku Antioch mu 341 adanena poyera kuti iwo, pokhala aepiskopi, sangatsatire wansembe wamba. Akatswiri monga R. P. C. Hanson ndi Rowan Williams, amene mabuku ao adatuluka mu 1988 ndi 1987, adatiphunzitsa kusawerenga mbiriyi ndi maso a Athanasius okha. Komabe, ngati funso ndi lakuti ndani adaona msanga chimene chidali pachiswe, yankho ndi iyeyo.

Adayamba ndi kusiyanitsa kubala ndi kupanga. Chigriki chidali ndi mau awiri, gennetos ndi genetos, wobadwa ndi wopangidwa, osiyana ndi chilembo chimodzi, kotero kuti alembi ankawasokoneza. Apa Chichewa chikuposa Chigriki, pakuti palibe mwana wa m'mudzi amene angasokoneze kubala ndi kuumba. Mai akaumba mbiya, mbiyayo ndi yake, koma siili chimene iye ali. Akabala mwana, mwanayo ndi munthu monga iye, osati munthu pang'ono. Nchifukwa chake Athanasius adati amai a pamsika aja afunsidwenso funso lachiwiri: kodi mwanayo adamtenga kunja ngati katundu wogula, kapena adatuluka mwa iwo eni? Pakati pathu kholo limatsogola chifukwa tili m'nthawi, timakula ndi kukalamba. Mwa Mulungu mulibe dzulo ndi mawa. Tikachotsa nthawi pa kubala, chotsala ndi ichi chokha, chakuti wobadwa ali chimene wobala ali.

Koma mtima wa mfundo yake udali pa chipulumutso. Munthu adagwa m'imfa ndi m'chivundi, ndipo wokhoza kumlenganso ndi yekhayo amene adamlenga. Cholengedwa, chingakhale chachikulu chotani, sichingalumikize zolengedwa zinzake kwa Mulungu, pakuti nacho chikusowa wochilumikiza. Ngati Mwana adachita kulandira umulungu ngati mphatso, sangatigawire, monga nduna siingamsandutse munthu mwana wa mfumu. Adaloza ku zimene Eklezia ankachita kale tsiku ndi tsiku, ngakhale m'tchalitchi cha Baucalis momwe. Timabatiza m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera: kodi timabatiza m'dzina la Mlengi ndi la cholengedwa? Timagwadira Khristu: kodi amaritiri amene adafa pokana kupembedza zolengedwa ankapembedza cholengedwa china mseri? Pamaliro tonse timadziwa kusiyana kwa mbale amene watumiza chipepeso ndi amene wabwera yekha kudzagona pasiwa. Chipepesocho chingakhale chachikulu, ndipo wobwera nacho angakhale wolemekezeka, koma anamfedwa amakumbukira amene adafika. Mulungu wa Arius ndi wotumiza. Athanasius adaumirira kuti amene adalira pamanda a Lazaro ndi kupachikidwa pamtanda ndi Mulungu mwini wake, ndipo kuti ulemu weniweni wa Atate suli pa kutalikirana ndi dothi lathu.

Mfundo zimenezi sizidapambane msanga. Constantius, mwana wa Constantine, adatenga ufumu wonse mu 353, ndipo ankafuna chikhulupiriro chimodzi chimene onse angasaine. Misonkhano ya ku Arles mu 353 ndi ku Milan mu 355 idakakamizidwa kutsutsa Athanasius. Papa Liberius ndi Hilary wa ku Poitiers adapirikitsidwa. Usiku wina wa February 356 asilikali adathyola tchalitchi cha Theonas ku Alexandria mapemphero ali mkati, ndipo Athanasius adazemba nakabisala zaka 6, nthawi zambiri pakati pa amonke a m'chipululu. Mfumu idalembera kalata ngakhale mafumu a ku Axum, ku Ethiopia, kuti abweze episkopi wao Frumentius ku Alexandria akayesedwenso, chifukwa amene adamdzoza adali Athanasius. Mu 357 Hosius, nkhalamba ya zaka pafupifupi 100 imene idatsogolera ku Nicaea, idasaina kalata ya ku Sirmium yoletsa liu la ousia. Liberius nayenso, atatopa ndi kudziko lachilendo, adavomera kumtaya Athanasius nabwerera ku Roma mu 358. Zimenezi sizikoma kuziwerenga m'kalasi, koma wophunzira za unsembe amene sanazimve kwa ife adzazimva kwa ena.

Pa nthawiyo magulu adali atachuluka. Aetius ndi Eunomius ankati ousia ya Mwana njosiyana ndi ya Atate. Basil wa ku Ancyra ndi anzake ankati homoiousios, ndiye kuti njofanana. Ena, amene mfumu idawakonda, ankati tingonena kuti Mwana afanana ndi Atate monga Malembo anenera, ndipo za ousia tizileke. Mu 359 aepiskopi pafupifupi 400 a kuzambwe adasonkhanitsidwa ku Rimini, a kuvuma ku Seleucia. A ku Rimini adayamba ndi kuima pa Nicaea, koma adasungidwa miyezi ingapo osaloledwa kubwerera kwao mpaka adasaina. Mu 360 msonkhano wa ku Constantinople udakhazikitsa chikhulupiriro cha mfumucho.

Chidakhala chaka chimodzi chokha mwini wake asanafe. Wowerenga mbiriyi aona kuti lupanga la mfumu limene lidapirikitsa Arius mu 325 ndi lomwelo lidapirikitsa Athanasius mu 335, ndipo kuti konsekonse lidabala masaini, osati chikhulupiriro. Ife a ku Malawi sitisowa kupita kutali. Mboni za Yehova, zimene chiphunzitso chao pa za Mwana chikufanana ndi cha Arius, zidaletsedwa ndi boma kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo mu 1972 zikwizikwi zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Zifukwa za boma zidali za ndale, osati za Utatu Woyera. Koma chiphunzitso chao sichidafe, ndipo chikhulupiriro cha ku Nicaea sichidapindule kanthu ndi misozi yao.

Chimene chidasintha zinthu chidachitika mwakachetechete. Constantius atafa mu 361, Julian, mfumu imene idasiya Chikhristu, idalola aepiskopi opirikitsidwa kubwerera, mwina poyembekeza kuti adyana okhaokha. Mu 362 Athanasius adaitanitsa kamsonkhano ku Alexandria. Padali magulu awiri okana Arius amene ankatukwanana. Ena ankati mwa Mulungu muli hypostasis zitatu, ndipo anzao ankawatcha opembedza milungu itatu. Ena ankati muli hypostasis imodzi, ndipo ankatchedwa ana a Sabellius. Nicaea yomwe idathandiza kusokoneza, pakuti idagwiritsa ntchito ousia ndi hypostasis ngati mau a tanthauzo limodzi. Munthu waukali uja, atakhwima ndi zaka za m'chipululu, adachita chimene palibe msonkhano wa mfumu udachitapo: adafunsa gulu lililonse chimene likutanthauza. Onena zitatu adati sakutanthauza milungu itatu, koma kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera alipodi, si maina chabe. Onena imodzi adati sakusakaniza atatuwo, koma akutanthauza umulungu umodzi. Onse adalandiridwa. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo m'mbiri yonseyi ndi pano pokha pamene ndikuona anthu atadekha.

Athanasius adamwalira pa 2 May 373 ntchito isanathe. Adaitsiriza ndi aepiskopi atatu a ku Cappadocia: Basil wa ku Caesarea, mng'ono wake Gregory wa ku Nyssa, ndi bwenzi lake Gregory wa ku Nazianzus. Kuchokera m'zolemba zao mudakhazikika kalankhulidwe kakuti ousia ndi imodzi, hypostasis ndi zitatu. Eunomius ankati liu lakuti wosabadwa likutchula ousia yeniyeni ya Mulungu, motero wobadwa sangakhale Mulungu. Iwo adayankha kuti palibe liu la munthu limene lingasenze chimene Mulungu ali, ndipo kuti maina akuti Atate ndi Mwana satchula ousia, koma ubale wa pakati pa awiriwo. Ndi yankho limeneli mantha a Arius adapeza mankhwala ake: Mwana sachotsa kanthu pa umodzi wa Mulungu, ndipo sasungunuka mwa Atate. Basil, pochokera ku gulu la homoiousios lija, adakokera ambiri a kuvuma ku mbali ya Nicaea.

Valens, mfumu yomaliza ya kuvuma yogwira chikhulupiriro cha 360, idafa kunkhondo ku Adrianople mu 378. Theodosius adalamula mu 380 kuti anthu ake onse atsate chikhulupiriro cha aepiskopi a ku Roma ndi Alexandria, nalanda matchalitchi a ku Constantinople m'manja mwa okana. Tisanamizire kuti mbali yathu idapambana popanda lupanga. Kusiyana kwake nkwakuti lamulo la Theodosius lidapeza aepiskopi atamvana kale tanthauzo la mau, pamene la Constantius lidayesa kuwaletsa kufunsa. Mu 381 aepiskopi 150 adasonkhana ku Constantinople, natsimikiza Nicaea, naonjezera za Mzimu Woyera, ngakhale 36 okana umulungu wa Mzimuyo adachoka pamsonkhano. Mau amene timaimirira nao pa Misa ya Lamulungu ndi amene amatchedwa a msonkhano umenewu, osati a 325. M'zolembedwa za misonkhano akuoneka koyamba ku Chalcedon mu 451.

Kunja kwa malire a Roma nkhani idapitirira. Ulfilas, amene adadzozedwa ndi Eusebius wa ku Nicomedia, adamasulira Baibulo m'chiyankhulo cha Agoth nawaphunzitsa chikhulupiriro chonga cha 360, ndipo mitundu ina ya kumpoto idachilandira. Mtundu wa Vandal udachitengera ku Africa, ulanda Carthage mu 439, ndipo Akatolika a kumeneko adazunzika pansi pa mfumu Huneric mu 484. Ku Spain mafumu a Visigoth adachisiya pa msonkhano wa ku Toledo mu 589. Koma mkati mwa ufumu funso lina lidali litabadwa kale, ndipo lidachokera kwa bwenzi la Athanasius, Apollinarius wa ku Laodicea. Iye adagwira Nicaea mwamphamvu kotero kuti adati mwa Khristu mudalibe nzeru ya umunthu, Mau a Mulungu ndiwo adakhala m'malo mwake. Msonkhano womwewo wa 381 udamtsutsa, ndipo Nestorius atakhala episkopi wa ku Constantinople mu 428, makalata adayambanso kuoloka nyanja kuchokera ku Alexandria.